Mfundo Pakati pa Ngale

Wabwera nazo zili m'kampango komanga pakamwa,
Tahniyat, mdzukulu wa mayi uja ankanenerera mtengo
mpaka tiyi kuzizira,
pakhonde lomwe lino la ku Pathergatti, mu Hyderabad.
Wamasula. Ngale zagubuduka pathireyi yanga
ngati mano a mwana ogweluka tsiku limodzi.

Ndiziwerenga kaye iye akuona,
kuti mawa pasadzakhale mlandu.
Zasowa zitatu.
Akuti anasesa nyumba yonse, anakwawa ndi tochi kunsi kwa bedi.

Mwanawe, ngale si mwala.
Daimondi ungamunyike m'madzi a sopo,
kumukwecha ndi mswachi wotha,
atuluka akuseka.
Golide akathimbirira, kansalu kokha kamudzutsa.
Koma iyi inabadwira mumnofu,
inakulira mumdima wonyowa pansi pa nyanja,
ili ndi khungu ngati lako.
Pefyumu amaiwaula, mandimu amaidya,
ukaiponya m'bokosi limodzi ndi mphete
imatuluka ndi zipsera zosapola.

Panja mabajaji akulizirana mahutala,
mnyamata wa zibangili akukuwa mitengo yabodza.
Ine ndaweramira nyale, galasi padiso,
ndikupukuta imodziimodzi ndi kansalu kachinyezi.
M'tiziboo mwake mukutuluka mbiri:
paudala wa zaka makumi asanu,
thukuta la maukwati a m'chilimwe,
kachikasu kamene kanadontha tsiku lina kukhitchini
mwini mkanda akulawa mphika wa alendo.
Sindimuuza zimenezi.
Ndingopinda kansalu, mbali yakuda mkati.

Ulusi wakale wafumbwa, ukuduka ndikangoukhudza.
Ndaufunsa zaka, wandiyankha ndi fumbi.
Ndiye mwiniwake wayamba yekha, mawu ali pansi:
chimwalirireni agogo, mkanda unali ku banki,
m'kabati yachitsulo, zaka khumi ndi chimodzi.
Ankaopa kuutaya.
Dzana ndi pamene anauvala koyamba
ndipo unadukira m'khosi mwake, asanafike n'komwe pakhomo.

Eya. Zimatero.
Chotsekeredwa chimauma.
Taona izi zachita chikasu
ngati maso a nkhalamba yosayenderedwa.
Ngale imafuna khosi la munthu, imamwa chinyezi chake.
Uzivale pomaliza, utatha kudzola zonse,
uzivule poyamba, usanavule nsapato.
Uzigoneke chogona, osazikoloweka pa msomali,
ulusi umatopa ngati msana.

Tsopano silika watsopano, woyera, wopota kawiri.
Nditunga imodzi, ndimanga mfundo.
Ina, mfundo.
Zala zanga zimadziwa njira ngakhale maso ayamba kundikana.
Bambo anga, Yadagiri, ankandimenya pachala ndi pensulo
mfundo ikatalikira ngale ndi mpata wa tsitsi limodzi.
Ankati zoyandikana kwambiri zimaperesana,
ika kanthu kofewa pakati.
Ndipo tsiku lodzaduka, pakuti lidzafika,
idzagwe imodzi yokha,
zinazo zidzagwirane.

Amene anautunga komaliza anali pa changu,
sanamange mfundo ngakhale imodzi.
Ndatembenuza kangowe kagolide kuti ndione ntchito ya ndani
ndipo ndapeza kamangidwe kanga,
ka masiku aja ndili mnyamata wothamangira kukaonera filimu.
Ichinso sindimuuza.
Ndingotsitsa mtengo.

Ndatulutsa kabotolo ka ngale zotsala kwa ena,
ndasankha zitatu zofanana msinkhu ndi mtundu.
Wapukusa mutu.
Akuti zachilendo ayi, ufupike momwemo.

Mwazini akuitana cha ku Charminar, nkhunda zabalalika.
Ndamukolowekera kumbuyo kwa khosi,
zala zanga zikunjenjemera pa kangowe kakang'onoko.
Mkanda wakwera pang'ono kuposa mmene unkagonera pa agogo ake,
wakhala pamene mtsempha umagunda.
Ngale n'zozizira, wadzidzimuka,
kenako wangoti duu, kudikira kuti zifunde.

Ubwere nawo pakatha zaka ziwiri, ndamuuza.
Ukadzapeza shopu yotseka,
funsa mwana wanga Sulochana, nyumba yachitatu kuseri kwa ogulitsa nsalu.
Mfundo zake n'zothina kuposa zanga.